Zodya kapena zobzala? Lamulo la mbewu ndi tsogolo la mbewu zamakolo

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, dzuwa likuswa mtengo, amayi ogulitsa nyemba pamsika wa kwathu ku Ntcheu amayamba kufunsa funso lomwe chaka chonse safunsa: "Ndi zodya kapena zobzala?" Ukayankha kuti zobzala, amasiya mulu wa pamwamba n'kutulutsa kathumba kena pansi pa benchi. Chaka chatha ndinaima pambali pa bambo wina amene ankagula. Anatapa nyemba m'dzanja, n'kuzitembenuza ndi chala kufuna kuona ngati anankafumbwe anaboola, kenaka analuma imodzi kuti amve kuuma kwake. "Zimenezi ndi zakuti, mayi? Ndi zoyanga kapena zachitsamba? Zimacha miyezi ingati?" Mayiyo anayankha zonse mosadodoma poti anali atalima yekha. Anamuyezera mbale zitatu, n'kuikapo ya basera.

Pamaso pa anthu awiriwo, chimene chinagulitsidwa pamenepo chinali mbewu. Pamaso pa lamulo, zinali nyemba zandiwo basi. Kusiyana kumeneku ndiye phata la mkangano womwe wakhala ukuchitika m'maiko ambiri, kuno kwathu komwe, pa za amene ali ndi ufulu wotchula chinthu kuti mbewu n'kuchigulitsa.

M'Chichewa mawu akuti mbewu ndi otakata. Chimanga chili m'munda ndi mbewu, njere zosungira chaka chamawa ndi mbewu, mitengo ya chinangwa ndi zingwe za mbatata nazo ndi mbewu. Malamulo a zamalonda a mbewu amawapanikiza mawuwa. Kwa iwo mbewu yogulitsa ndi ija ya mtundu wolembedwa m'kaundula wa boma, yochulukitsidwa ndi mlimi kapena kampani yolembetsedwa, yoyenderedwa m'munda, yoyezedwa, ndipo ili m'paketi ya chizindikiro. Zina zonse zili kunja. Ndipo kunjako n'kumene kuli anthu ambiri. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2016, wa Shawn McGuire ndi Louise Sperling, anaona mbewu zomwe alimi ang'onoang'ono amabzala m'maiko 6, kuphatikizapo Malawi ndi Zimbabwe, pa mitundu 40 ya mbewu. Anapeza kuti mbewu 90 pa 100 zilizonse sizidutsa m'njira ya makampani ndi boma, ndipo pafupifupi theka zimagulidwa m'misika ya kumidzi ngati uja wa kwathu.

Kuti mbewu ifike m'sitolo movomerezeka imadutsa pazipata ziwiri. Choyamba ndi cha mtundu wake. Katswiri akapanga mtundu watsopano wa chimanga kapena mtedza, amaubzala m'malo osiyanasiyana kwa nyengo zingapo, monga ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Chitala, kenaka amakaupereka ku komiti ya unduna wa zamalimidwe yomwe imavomereza njira ndi mbewu zatsopano. Mafunso ake ndi odziwika padziko lonse. Kodi mtunduwu ukusiyana ndi ina yomwe ilipo kale? Kodi mbewu zonse m'mundamo zikufanana msinkhu, nthawi yochita ngayaye, maonekedwe a njere? Kodi ukaubzala mobwereza umakhalabe chimodzimodzi? Mafunso atatuwa akatswiri amawatchula mwachidule kuti DUS. Pamwamba pake pali funso lachinayi: kodi uli ndi phindu kwa mlimi kuposa mitundu yomwe ali nayo kale, pa zokolola kapena kupirira matenda?

Chipata chachiwiri ndi cha thumba lenilenilo. Munda wochulukitsira mbewu umalembetsedwa. Ngati ndi chimanga, uyenera kutalikirana ndi minda ina ya chimanga mamita mazana angapo, chifukwa mungu umauluka ndi mphepo. Oyendera amabwera kangapo, mapesi osafanana ndi anzake amazulidwa. Akakolola, zitsanzo zimapita ku labotale ya mbewu ku Chitedze kukaona kameredwe, chinyezi ndi zinyalala. Zikakhoza, paketi imalandira chizindikiro chokhala ndi nambala.

Ndisanadandaule chilichonse, ndinene kuti zipata zimenezi n'zofunika, ndipo ndinaphunzira ndi misozi. Chaka china ndinagula mapaketi awiri a chimanga pa kasitolo kena ka pa trading, mvula yoyamba itagwa kale, aliyense akuthamanga. Paketi inali yokongola, njere zopakidwa utoto bwinobwino. Patatha sabata ndinayenda m'mizere ndikuwerenga mapando: apa chamera, apa palibe, apa palibe. Ndinafukula phando lina n'kupeza njere yofufuma, yonunkha, utoto utasuluka ndi madzi. Chomwe chinamera chinakula mosiyana ngati ana a mabanja khumi. Chinali chimanga cha pamsika chopakidwa utoto. Nditabwerera kukafunsa, ndinapeza chitseko chotseka, mwini wake anali wa nyengo yokhayo. Mbewu yabodza ndi umbava woipa kuposa wina uliwonse, chifukwa wakuba wake sakubera ndalama ya paketi yokha, amakubera chaka chonse, ndipo umazindikira nthawi yobzala itapita. Munthu sungaone ndi maso ngati njere idzamera kapena ngati ndi mtundu womwe walembedwa. N'chifukwa chake payenera kukhala wina wotsimikizira.

Palinso nkhani ya matenda. Amene anaona nthochi za ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay zikutha ndi chisaka akudziwa kuti matendawa, kuwonjezera pa nsabwe zomwe zimawafalitsa, ankayenda ndi ana a nthochi amene anthu ankapatsana mwaubale. Kupatsana mbewu si kopanda ngozi ayi.

Vuto lili pa muyeso. Funso lija lakuti mbewu zonse zizifanana linapangidwira mbewu za akatswiri, ndipo chimanga chamakolo sichingalikhoze ngakhale chitakhala chabwino chotani. Agogo anga aakazi ankasankha mbewu pa nthawi yokolola, chimanga chisanalowe m'nkhokwe. Ankakhala pamphasa, mulu uli patsogolo, n'kumatenga chimodzichimodzi. Ankafuna chomwe makoko ake atseka mpaka kunsonga, cha mizere yowongoka, cha njere zolimba zonyezimira. Koma sankasankha zofanana. Ankaika choyera, chamawanga ofiirira, china chachikasu pang'ono, china chaching'ono chocha msanga. Ndikawafunsa ankati, "Iwe mwana, mvula ya chaka chamawa waiona?" Akatero ankamanga ziwiriziwiri ndi makoko ake n'kuzipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi ndi mwaye zithamangitse tizilombo. Pobzala ankachotsa njere za kunsonga ndi za kutsinde, n'kutenga za pakati.

Munda wotero sufanana, ndipo kusafananako ndiye mphamvu yake. Chaka cha ng'amba mapesi ena amapirira, chaka cha mvula yambiri ena ndi amene amabereka. Mbewuyo imasinthanso pang'onopang'ono chaka ndi chaka kutsatira dothi ndi dzanja la wosankha, kotero funso lakuti isasinthe nalo imalephera. Ikapimidwa pa zokolola m'munda wa kafukufuku wothira feteleza wokwanira, haibulidi imaiposa kutali, ndipo izi n'zoona zosafuna kubisa. Koma mayi wa pakhomo amapima zina. Chimanga chamakolo n'cholimba njere. Ukachikonola mumtondo gaga amachoka, mphale n'kutsala yambiri, pomwe chimanga chofewa chimaphwanyika n'kupita ndi madeya. M'nkhokwe anankafumbwe amachedwa kuchiboola. Ufa wake umayendanso, nsima yake imakhalitsa m'mimba.

Nkhani imeneyi akatswiri athu anaiphunzira kale. Kwa zaka zambiri alimi a m'Malawi ankakana haibulidi ya njere zofewa, kapena ankailima yogulitsa ku ADMARC, chakudya cha pakhomo n'kusiya chamakolo. Zinasintha mu 1990 pamene ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, mitundu ya haibulidi ya njere zolimbirako yomwe inkakonoleka bwino. Chimene amayi ankanena pamtondo n'chimene chinawongolera sayansi. Pa mtedza napo, Chalimbana wa njere zikuluzikulu anachokera m'minda ya alimi asanalowe m'mabuku a boma, ndipo CG7 ndi Nsinjiro atabwera ndi zokolola zambiri komanso, kwa Nsinjiro, kupirira khate, Chalimbana sanathe m'midzi chifukwa cha kukoma kwake. Mitundu yamakono yonse imapangidwa kuchokera ku mbewu zomwe alimi anasunga. Palibe katswiri amene analenga njere.

Malamulo athu a mbewu anayamba ndi lamulo la 1988, lomwe linakonzedwanso mu 1996 msika utatsekulidwa kwa makampani. Kampani ya mbewu ya boma, National Seed Company of Malawi, inapita m'manja mwa kampani ya ku America ya Cargill, kenaka inzake ya Monsanto, yomwe nayo inagulidwa ndi Bayer mu 2018. Pulogalamu ya makuponi itayamba mu 2005 nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma linasanduka wolipira wamkulu wa mbewu, ndipo kuponi inkagula mbewu yovomerezeka yokha, makamaka chimanga. Apa m'pamene lamulo limagwira ntchito mwakachetechete. Palibe wapolisi amene anabwera kudzatsitsa chimanga cha agogo kudenga. Chinachitika n'chakuti ndalama za boma, ulangizi, ngongole ndi mbewu zachithandizo pa nthawi ya njala zonse zinalunjika mbali imodzi, ndipo mawere, mapira, mchewere, nzama ndi kalongonda zinayamba kuoneka ngati mbewu za anthu otsalira.

Mu 2018 boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya mbewu, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lakale. Lamuloli likukhazikitsa bungwe loyang'anira mbewu la Malawi Seed Regulatory Authority, likukhwimitsa zilango kwa ogulitsa mbewu zabodza, komanso likugwirizanitsa malamulo athu ndi a SADC ndi COMESA, kuti mtundu wovomerezeka m'maiko awiri a m'chigawo uzilowa m'kaundula wa chigawo n'kumagulitsidwa kwina popanda kuyesedwanso zaka zambiri. Pa nthawi yokambirana ndondomekoyi, mabungwe oyankhulira alimi ndi zachilengedwe, monga CEPA ya ku Blantyre, anadandaula kuti zolembazo zinkasamala msika wa makampani n'kusiya mbewu za alimi opanda malo.

Kuti timvetse dandauloli, tisiyanitse zinthu zitatu zomwe mlimi amachita ndi mbewu yake: kusunga, kupatsana ndi kugulitsa. Kusunga ndi kubzalanso m'munda mwako palibe amene amakuletsa. Kupatsa mnansi mbale ya khobwe kuti adzabweze akakolola, mwa mwambo uja wakuti kupatsa n'kuika, kukuchitika tsiku ndi tsiku. Mpanda uli pa chachitatu. Tiyerekeze kuti gulu la amayi ku Dedza lasunga chimanga chawo chachikasu cha mthikinya, lachisankha bwino, layesa kameredwe pa nsalu yonyowa, ndipo likufuna kuchiika m'mapaketi olembedwa dzina lake kuti ligulitse ku sitolo ya pa boma kapena ku bungwe logawa mbewu. Mtunduwo suli m'kaundula, ndipo sungalowemo pa muyeso wa kufanana. Popeza suli m'kaundula, sungayenderedwe kuti upatsidwe chizindikiro. Popanda chizindikiro, sitolo yolembetsedwa singaulandire ngati mbewu. Amayiwo amatsala ndi njira imodzi, kugulitsa pa mbale ngati chakudya, pa mtengo wa chakudya, ntchito yawo yonse yosankha osalipidwa. Wogula naye alibe chomuteteza, chifukwa chimene lamulo silichidziwa silingachiyese.

Pali lamulo lina lomwe anthu amalisokoneza ndi limeneli, la umwini wa mitundu yatsopano. Lija loyamba limanena za chimene chingagulitsidwe. Ili limanena za mwini wake wa mtundu. Katswiri kapena kampani ikatha zaka ikupanga mtundu, imapatsidwa ufulu woti wina asauchulukitse n'kugulitsa popanda chilolezo. Malawi anakhazikitsa lamulo lotere mu 2018. Padziko lonse nkhaniyi imatsogozedwa ndi pangano la UPOV, lomwe linayamba ku Paris mu 1961 n'kukonzedwa komaliza mu 1991. Pangano la 1991 limateteza mtundu kwa zaka zosachepera 20, mitengo ndi mphesa zaka 25. Limalola dziko kupatsa mlimi mwayi wobzalanso m'munda mwake mbewu yotetezedwa, koma silimulola kuigulitsa ngati mbewu, ndipo ngakhale kupatsana kumakhala pa mkangano. Kenya ndi Tanzania ali m'panganoli. Bungwe la ARIPO, loona za umwini wa luso m'maiko a mu Africa, lomwe likulu lake lili ku Harare ndipo Malawi ndi membala, linagwirizana za pangano lake la ku Arusha mu 2015, lotsatira kwambiri UPOV ya 1991. Lamulo la umwini silikhudza chimanga chamakolo mwachindunji, chifukwa palibe anachilembetsa. Koma limaluma pa nyemba, soya, mtedza ndi mpunga, mbewu zomwe mlimi akagula kamodzi amatha kubzala mobwereza zaka zingapo osataya mtundu, ndipo zikalowa m'mudzi zimayenda dzanja ndi dzanja. Haibulidi ya chimanga safunikira loya, imadziteteza yokha, poti ukaibwereza zokolola zimatsika ndipo umabwerera kusitolo wekha.

Kumene mpanda unakhwima kwambiri ndi ku Kenya. Lamulo lawo la mbewu, litakonzedwa mu 2012, linaika chindapusa chofika mashilingi 1 miliyoni kapena zaka ziwiri kundende kwa ogulitsa kapena kusinthanitsa mbewu zosalembetsedwa. Mu 2022 alimi 15 anakasuma ku khoti lalikulu ku Machakos, ndipo mu Novembala 2025 khotilo linagamula kuti ndime zimenezo zikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ku Ulaya, kumene makaundula a mbewu anayambira, nakonso kunali milandu. Bungwe la ku France la Kokopelli, logulitsa mbewu zakale za ndiwo zamasamba, linasumiridwa ndi kampani ina chifukwa chogulitsa mitundu yoposa 400 yomwe inalibe m'kaundula, ndipo mu 2012 khoti la European Union linati malamulo a kaundulayo ndi oyenera. Komabe Azunguwo anatsekula zipata zapambali. Kuyambira 2008 ali ndi njira yapadera yolembetsera mitundu yakale ya m'dera, ndipo kuyambira 2022 alimi olima popanda mankhwala amaloledwa kugulitsa mbewu zosafanana atangodziwitsa boma. Zimandipweteka kuona eni ake a muyesowu akuufewetsa kwawo, ife kuno tikuulandira wouma.

Njira zina zilipo ndithu. India, m'lamulo lake la 2001, inalemba poyera kuti mlimi ali ndi ufulu wosunga, kubzala, kusinthanitsa, kugawana ndi kugulitsa mbewu za m'munda mwake, ngakhale za mtundu wotetezedwa, bola asaziike m'paketi ya dzina la mwini mtunduwo. Lamulo lomwelo limalola alimi kulembetsa mitundu yawo. Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linakonza njira yopepuka yotsimikizira mbewu yotchedwa QDS, yomwe Tanzania, Uganda ndi Zambia akhala akuigwiritsa ntchito: gulu la alimi limachulukitsa mbewu, oyendera amaona gawo la minda m'malo mwa yonse, ndipo mbewuyo imagulitsidwa m'dera lomwelo. Njirayi imatsitsa mtengo, ngakhale kawirikawiri imafunabe mtundu wolembetsedwa, ndiye yokha siimasula mbewu zamakolo. Ndipo Malawi ali kale m'pangano la maiko onse la 2001 la mbewu zachakudya, lomwe ndime yake ya 9 imanena za ufulu wa alimi wosunga, kugwiritsa ntchito, kusinthanitsa ndi kugulitsa mbewu zosunga okha. Chovuta n'chakuti ndimeyo imasiyira boma lililonse kuti liuike ufuluwo m'malamulo ake. Boma likapanda kutero, umangokhala papepala.

Ine maganizo anga ndi akuti kungonyalanyaza mbewu zamakolo, n'kumati palibe amene akumangidwa, sikokwanira. Chimene chikuchitika chifukwa choti wapolisi wayang'ana kumbali chingathe kuletsedwa mawa, ndipo munthu sangamange bizinesi pa icho. Pakufunika kaundula wachiwiri, wa mitundu ya alimi, wolembetsa mosavuta pa boma lililonse, wofunsa mafunso oyenera mbewuzo: dzina lake, kumene imalimidwa, imacha liti, anthu amaikonderanji, akuisunga ndani. Wogulitsa azilemba zoona pa paketi, kuti iyi ndi mbewu yamakolo, yokololedwa chaka chakuti, kameredwe kake n'kotere, ndipo wonama alangidwe ngati wopaka utoto uja. Mlandu ukhale bodza, osati kusowa dzina m'buku. Kulembetsako kungathandizenso kuti wina asadzatenge mtundu wa m'mudzi, n'kuusintha pang'ono, n'kuutcha wake.

Ena amati mbewu zakale n'zosungika kale, palibe chodetsa nkhawa. N'zoona kuti ku Chitedze kuli nkhokwe ya mbewu ya dziko lino, ya maiko a SADC ili pafupi ndi Lusaka, ndipo ku Svalbard ku Norway kuli ina pansi pa phiri lozizira yomwe inatsekulidwa mu 2008. Ntchito imeneyi ndi yaikulu. Koma njere ili m'firiji siphunzira nyengo yatsopano. Mbewu yomwe inadutsa m'namondwe wa Freddy mu 2023, n'kudutsanso m'chilala cha 2024 pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, n'kusankhidwanso ndi dzanja la mlimi, ikudziwa zomwe ya m'firiji sikudziwa. Ndipo pamodzi ndi njere pamatayika nzeru yake: kuti nandolo wa mthawajuni amacha kuzizira kusanafike, kuti mawere ati amapanga chimera chokoma cha thobwa, kuti dzungu liti limakhala miyezi osaola. N'chifukwa chake nkhokwe za mbewu za m'midzi, monga ya bungwe la alimi la SFHC ku Ekwendeni ndi zina za ku Rumphi, zili zofunika. Mlimi amabwereka mbewu pobzala, akakolola amabweza moonjezera, ndipo mtundu umakhala uli m'dothi chaka chilichonse.

Chimanga cha agogo anga chinatha pakhomo pathu zaka ziwiri atamwalira. Chaka choyamba tinalandira kuponi, chachiwiri denga la khitchini linafoleredwa malata ndipo palibe anapachikapo kanthu. Ndinachifunafuna kwa achibale mpaka ndinachipeza kwa azakhali anga kutsidya kwa mtsinje, chamawanga chomwe chija. Anandipatsa zisanu zomanga ndi makoko, zakuda ndi mwaye. Nditatulutsa ndalama anandibweza dzanja. "Mudzandibwezere mukakolola, amwene," anatero, "ndipo musabzale pafupi ndi cha kusitolo chija."